Mafilimu a asamurai: zimene timamva ndi zimene zili zoona

Ambiri a ife mafilimu omenyana a ku Asia tinawadziwira m'tinyumba ta vidiyo, tija ta mabenchi ndi katani pakhomo, momwe mwana aliyense ankadziwa dzina la Bruce Lee, Jackie Chan ndi Jet Li. Kumeneko ndiye tinatolako maganizo athu pa za samurai, msilikali wa malupanga wa ku Japan wakale. Ena mwa maganizowo ndi oona, koma ambiri ndi ongomva, ndipo atitsekera khomo la mafilimu amene ali m'gulu la abwino koposa omwe anthu anapangapo.

Pakati pa 1950 ndi 1975, makampani a ku Japan monga Toho, Daiei, Shochiku ndi Toei anatulutsa mafilimu a malupanga ochuluka zedi. Abwino mwa iwo amagwiritsa ntchito lupanga pofuna kukamba za njala, ngongole, mabwana ankhanza, ndi munthu amene akulimbana kuti akhalebe munthu pamene dziko lake likufuna kumusandutsa chida. Nazi zikhulupiriro zofala pa mafilimuwa, zoona zake, ndi mafilimu amene angakutsimikizireni zoonazo mukawaonera nokha.

Chikhulupiriro 1: Ndi mafilimu "a Chitchaina" omwe aja, a makarate

Zoona zake: China ndi Japan ndi mayiko awiri osiyana chilankhulo, mbiri ndi kamenyedwe komwe. Bruce Lee anakulira ku Hong Kong, Jackie Chan anabadwira komweko, Jet Li ndi wa ku Beijing. Luso lawo ndi kung fu, la zibakera ndi mateche, ndipo ndewu imodzi imatha kutenga mphindi zingapo anthu akudumphana. Mu Fist of Fury ya 1972, anthu amene Bruce Lee akuwaswa m'sukulu ya masewera omenyana ija ndi Ajapani.

Filimu ya asamurai imayenda mwanjira ina. Anthu awiri amaimirira, kuyang'anana, osagwedezeka, mpaka woonera mtima kuyamba kugunda. Kenako lupanga limang'anima kamodzi, nkhani yatha. Onerani mathero a Sanjuro ya 1962. Toshiro Mifune ndi Tatsuya Nakadai aimirira moyandikana kwambiri, chete kwa nthawi yaitali, ndipo kukanthana kwenikweniko sikukwana ndi sekondi imodzi. Mphamvu yonse ya ndewuyo ili m'kudikira kuja.

Karate yeniyeni ndi ya ku Okinawa, ndipo woifuna m'filimu ya ku Japan aonere The Street Fighter ya 1974 ya Sonny Chiba. Maninja ovala zakuda amene tinawazolowera mu American Ninja ya 1985 ndi a Hollywood. Ajapani eni ake anawaonetsa mosiyana mu Shinobi no Mono ya 1962, momwe ninja ndi kazitape wosauka amene mabwana ake akumugwiritsa ntchito ndi kumunamiza.

Chikhulupiriro 2: Ndi kukhapana kokhakokha, nkhani mulibe

Zoona zake: Seven Samurai ya Akira Kurosawa, yomwe inatuluka mu 1954, ndi ya maola 3 ndi mphindi 27, koma nkhondo yaikulu imabwera filimu itapita kale patali. Imayamba ndi achifwamba okwera pamahatchi ataima paphiri kuyang'ana kamudzi ka alimi. Agwirizana kuti asalowe lero, adikire barele ache kaye. Mlimi wina amene anabisala pafupi wamva zonse. Aliyense amene anagonapo kumunda kulondera chimanga kuti akuba asathyole amvetsa mantha a mudziwu popanda womumasulira.

Alimiwo alibe ndalama. Nkhalamba ya m'mudzimo iwalangiza kuti akafune asamurai anjala, amene angavomere kumenya nkhondo chifukwa cha chakudya chokha. Malipiro ake ndi mpunga katatu patsiku, pamene alimi eni akudya mawere kuti mpungawo ukwanire alendo. Woyamba kuvomera ndi Kambei, msilikali wachikulire amene nkhondo zambiri zimene anamenyapo anagonja. Timamuona koyamba akumeta tsitsi lake, chizindikiro cha ulemu wa samurai, kuti aoneke ngati wansembe n'kukapulumutsa mwana amene wakuba wamugwira m'kanyumba. Takashi Shimura, amene anasewera Kambei, amaonetsa utsogoleri wopanda phokoso: amamvetsera, amasisita mutu wometawo, kenako amanena chochita.

Chotsatira ndi ntchito. Kambei ajambula mapu a mudzi, amangitsa mpanda, adzazitsa madzi m'minda kuti mahatchi asadutse, aphunzitsa alimi kugwira mikondo ya nsungwi. Alamula kuti nyumba zimene zili kunja kwa mpanda zisiyidwe, eni ake n'kukwiya. Achifwamba alipo 40, ndipo iye wawajambula ngati timizere tozungulira papepala, aliyense akagwa amadulapo kamodzi. Woonera amadziwa amene atsala, khomo limene lili lofooka, ndi chifukwa chake akulowetsa adani mmodzimmodzi. Nkhondo yomaliza, ya m'mvula ndi m'matope, Kurosawa anaijambula ndi makamera angapo nthawi imodzi, ndipo mpaka lero okonza mafilimu amaphunzirirapo.

Koma mtima wa filimuyi uli pa Kikuchiyo, amene anaseweredwa ndi Mifune. Iye amadzitcha samurai, wanyamula chilupanga chachitali ndi chikalata cha mbiri ya banja chomwe si chake, koma ndi mwana wa mlimi. Asamurai atazindikira kuti alimiwo anaphapo asilikali othawa kunkhondo n'kuwalanda zida, akwiya. Kikuchiyo avomera kuti alimi ndi oumira, amabisa mpunga, amanama, amapha. Kenako, misozi ili m'maso, afunsa kuti anawasandutsa otero ndani, ngati si asamurai amene amawatenthera midzi, kuwalanda chakudya ndi kuwatengera akazi. Palibe amene ayankha. Mu 2018, pa kafukufuku wa BBC, akatswiri ounika mafilimu a m'mayiko osiyanasiyana anasankha Seven Samurai kukhala filimu yopambana zonse zosakhala za m'Chingerezi.

Chikhulupiriro 3: Samurai anali munthu wa ulemu wopanda banga, ndipo mafilimuwa amamutamanda

Zoona zake: Asamurai anali gulu lolamulira, ndipo ankadya thukuta la alimi. M'nthawi ya ulamuliro wa banja la Tokugawa, kuyambira 1603 mpaka 1868, lamulo linkalola samurai kukantha munthu wamba amene wamunyoza, ngakhale kuti pambuyo pake ankayenera kukafotokoza kwa akuluakulu. Chithunzi chokongola cha samurai wangwiro chinafala kunja makamaka chifukwa cha buku la Inazo Nitobe lotchedwa Bushido, limene analilemba m'Chingerezi ali ku America, zaka zoposa 20 boma la Japan litaletsa kale kuyenda ndi malupanga mu 1876. Pambuyo pake boma la asilikali linagwiritsa ntchito chiphunzitso chomwecho potumiza anyamata kukafa pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Japan itagonja, Amereka amene analamulira dzikolo kuyambira 1945 mpaka 1952 analetsa mafilimu otamanda kubwezera ndi kumvera mbuye mosafunsa.

Chiletso chitatha, amene anagwira makamera anali anthu oti nkhondo anaiona ndi maso. Masaki Kobayashi anatengedwa usilikali n'kutumizidwa ku Manchuria, ndipo anakana kukwezedwa udindo posonyeza kuti nkhondoyo sakugwirizana nayo. Filimu yake ya Harakiri ya 1962 ndiyo yankho lamphamvu koposa kwa amene amati mafilimuwa amapembedza asamurai.

Nkhani yake ikuchitika mu 1630 mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo. Nkhondo zatha, boma lathetsa maufumu ang'onoang'ono ambiri, ndipo asilikali awo asanduka maronin, asamurai opanda mbuye ndi opanda malipiro. Ena mwa iwo ayamba kupita pamakomo a mabanja olemera kukapempha malo oti adzipherepo mwamwambo, akuyembekeza kuti eni nyumba awamvera chisoni n'kuwapatsa kangachepe kuti achoke. Banja la Ii latopa nazo ndipo laganiza zopereka phunziro. Mnyamata wina dzina lake Motome atabwera ndi pempho lomwelo, amukakamiza kuchita zimene wanena, ngakhale aona kuti lupanga lake ndi lansungwi chifukwa lenileni anagulitsa. Apempha kuti amupatse tsiku limodzi kapena awiri, amukaniza.

Patapita miyezi, pakhomo lomwelo pafika ronin wachikulire, Hanshiro Tsugumo, ndi pempho lomwelo. Akhala pakati pa bwalo, asilikali atamuzungulira, n'kupempha kuti afotokoze mbiri ya moyo wake. Pang'onopang'ono tiyamba kudziwa kuti Motome anali ndani kwa iye, chimene anagulitsira lupanga, ndi amene ankamudikira kunyumba tsiku limene anapempha kuti amuchedwetsere imfa. Nakadai anali asanakwanitse zaka 30 pamene ankasewera nkhalambayi, koma mawu ake amalemera ngati a munthu amene waika m'manda onse amene ankawakonda. Filimuyi ikufunsa ngati ulemu umene ulibe chifundo uli ulemu n'komwe, ndipo ikuonetsa mmene olamulira amalembera mbiri yabodza kuti dzina la nyumba lisade. Inalandira mphoto yapadera ku Cannes mu 1963.

Mu 1967 Kobayashi anabwerezanso funsoli mu Samurai Rebellion. Mbuye wa dera la Aizu akakamiza mwana wa Isaburo, mmodzi wa asamurai ake, kukwatira mkazi amene iye wamutaya. Awiriwo akondana ndipo abereka mwana. Zinthu zitasintha kunyumba yachifumu, mbuye alamula kuti mkaziyo abwezedwe. Isaburo, amene moyo wake wonse wakhala akuvomera chilichonse, ulendo uno akana.

Chikhulupiriro 4: Samurai weniweni sankagwira mfuti

Zoona zake: Mfuti zinafika ku Japan mu 1543 ndi Apwitikizi amene anakocheza pa chilumba cha Tanegashima, ndipo posapita nthawi amisiri a ku Japan anayamba kuzisula okha zambirimbiri. Ngakhale mfuti zisanabwere, zida zazikulu pankhondo zinali uta ndi mkondo, lupanga linali lothandizira adani akayandikira. Pa nkhondo ya Nagashino mu 1575, asilikali a Oda Nobunaga ndi Tokugawa Ieyasu anabisala kuseri kwa mipanda ndi mfuti zawo n'kugonjetsa gulu lankhondo lotchuka la banja la Takeda.

Kurosawa anathera pa nkhondo imeneyi filimu yake ya Kagemusha ya 1980, yokamba za wakuba amene akufanana nkhope ndi mbuye Takeda Shingen ndipo akakamizidwa kukhala m'malo mwake kuti adani asadziwe kuti mbuyeyo wamwalira. Pamathero pake sitiona ngakhale asilikali akugwa. Timangomva mfuti, n'kuona nkhope za akuluakulu akuonerera, kenako bwalo lodzaza anthu ndi mahatchi akuphupha.

Mu Seven Samurai, asamurai 4 amafa, ndipo onsewo amafa ndi chipolopolo. Mmodzi mwa iwo ndi Kyuzo, katswiri wa lupanga amene palibe akanamugonjetsa maso ndi maso, koma aomberedwa ndi munthu wobisala m'nyumba. Mu Yojimbo ya 1961, mdani woopsa kwambiri ndi mnyamata amene wabwera ndi kamfuti kam'manja, akumwetulira. Okonza mafilimuwa ankadziwa bwino lomwe kuti nthawi ya lupanga inali kutha, ndipo chisoni chimenecho chili m'mafilimu awo ambiri.

Chikhulupiriro 5: Ajapani ankangokopera mafilimu a ku America

Zoona zake: Kurosawa ankakonda mafilimu a makaubhoyi a John Ford ndipo sankabisa. Anatenganso nkhani za Shakespeare: Throne of Blood ya 1957 yachokera ku Macbeth, Ran ya 1985 yatsamira pa King Lear. Koma katundu wochuluka anayenda kuchoka ku Japan kupita kunja.

The Magnificent Seven ya 1960, ya Yul Brynner ndi Steve McQueen, ndi Seven Samurai yosamutsidwira ku Mexico. A Fistful of Dollars ya 1964, imene inatchukitsa Clint Eastwood, inatsata Yojimbo pafupifupi phazi ndi phazi: mlendo wopanda dzina afika m'tauni ya magulu awiri a zigawenga, adzigulitsa uku ndi uku mpaka magulu onse atathana. Sergio Leone anachita zimenezi osapempha, nkhani inafika pa milandu, ndipo Kurosawa ndi anzake anapatsidwa gawo la ndalama za filimuyo. Nkhani yomweyo inabweranso mu 1996 ndi Bruce Willis mu Last Man Standing, ulendo uno mwachilolezo.

George Lucas ananena yekha kuti nzeru yofotokoza Star Wars kudzera mwa maroboti awiri onyozeka anaitenga mu The Hidden Fortress ya 1958, momwe alimi awiri amantha ndi adyera, Tahei ndi Matashichi, akuperekeza mwana wamkazi wa mfumu kudutsa m'dziko la adani osadziwa kuti ndi ndani. Kurosawa atasowa ndalama zomalizira Kagemusha, Lucas ndi Francis Ford Coppola ndi amene anamuthandiza kuzipeza. Ngati munakondapo filimu imene munthu mmodzi akusonkhanitsa akatswiri osiyana maluso kuti akagwire ntchito yoopsa, mwaonera kale mdzukulu wa Seven Samurai.

Chikhulupiriro 6: Mwini filimu safa

Zoona zake: Lamulo la m'tinyumba ta vidiyo limeneli ku Japan siligwira ntchito. Mu Throne of Blood, Washizu, amene anapha mbuye wake kuti alande ufumu, amaphedwa ndi asilikali ake omwe. Mivi ikumugwera ngati mvula pakhonde la linga, iye akuthawira uku ndi uku. Yambiri mwa mivi imeneyo inali yeniyeni, yoponyedwa ndi akatswiri a uta, ndipo mantha amene ali pankhope ya Mifune si ongoyerekeza.

Mu The Sword of Doom ya 1966, ya Kihachi Okamoto, mwini filimu ndiye woipa. Ryunosuke amapha nkhalamba yopemphera pamwamba pa phiri filimu ikungoyamba, popanda chifukwa, ndipo kuyambira pamenepo timamutsata akumira. Luso ali nalo, mtima alibe. Mifune alimo ngati mphunzitsi wa lupanga, ndipo pali malo amene agonjetsa gulu la anthu m'chipale chofewa Ryunosuke akuonerera, kwa nthawi yoyamba mantha atamugwira. Filimuyi imaima mwadzidzidzi pakati pa ndewu, m'nyumba yoyaka moto, osatiuza mathero.

Ngakhale opulumuka sapambana kwenikweni. Seven Samurai imatha alimi akubzala mpunga ndi nyimbo, asamurai 3 otsala ataima pafupi ndi manda a anzawo, opanda wowalabadira. Kambei anena kuti agonjanso, opambana ndi alimi.

Chikhulupiriro 7: Aliyense wogwira lupanga m'mafilimuwa ndi samurai, ndipo samurai anali wolemera

Zoona zake: Munthu wa lupanga amene Ajapani anamukonda kwambiri m'makanema sanali samurai. Zatoichi ndi wosaona, ntchito yake ndi yosisita anthu matupi, amakonda njuga, ndipo ali pansi penipeni pa anthu onse. Lupanga lake labisika mu ndodo yoyendera. Anthu amamunyoza ndi kumubera poganiza kuti saona, iye amaseka nawo modzichepetsa, mpaka atapyola malire. Shintaro Katsu anasewera Zatoichi m'mafilimu 26 kuyambira 1962 mpaka 1989. Yoyamba, The Tale of Zatoichi ya Kenji Misumi, ndi yodekha ndi yachisoni: Zatoichi apalana ubwenzi ndi ronin wodwala chifuwa chachikulu, amakawedza limodzi nsomba, koma awiriwo alembedwa ntchito ndi magulu odana. Takeshi Kitano anamuukitsanso Zatoichi mu 2003.

Asamurai eniake ambiri anali osauka. Ankalipidwa mpunga, ndipo m'zaka za mtendere ambiri anali makalaliki chabe. The Twilight Samurai ya Yoji Yamada, ya 2002, ikuonetsa bwino zimenezi. Seibei amawerengera katundu m'nkhokwe ya mbuye wake. Mkazi wake wamwalira, ali ndi ana aakazi awiri ndi mayi okalamba amene sakumuzindikiranso. Anzake akamapita kukamwa, iye amathamangira kunyumba kukalima ndi kuluka timakola ta tizilombo togulitsa. Lupanga lake lalitali anagulitsa kuti alipire maliro a mkazi wake. M'filimu yonse muli ndewu ziwiri zokha, ndipo zonse iye sakuzifuna. Amene anasewera Seibei ndi Hiroyuki Sanada, yemwe ambiri anamudziwira mu Shogun ya 2024.

Umphawi umenewu unaonetsedwa kale mu 1937 mu Humanity and Paper Balloons ya Sadao Yamanaka, momwe ronin amayenda tsiku ndi tsiku ndi kalata yopempha ntchito kwa munthu amene bambo ake anamuthandizapo, n'kumabwezedwa pachipata. Yamanaka anatengedwa usilikali ndipo anamwalira ku China mu 1938 ali ndi zaka 28.

Chikhulupiriro 8: Akazi m'mafilimuwa ndi ongolira ndi kuthira tiyi

Zoona zake: N'zoona kuti amuna ndiwo ochuluka, koma anthu ena oopsa kwambiri m'mafilimuwa ndi akazi. Asaji wa mu Throne of Blood, woseweredwa ndi Isuzu Yamada, amalankhula motsitsa, nkhope osaigwedeza, ndipo ndi mawu okhawo amakankhira mwamuna wake ku kupha. Kaede wa mu Ran, woseweredwa ndi Mieko Harada, anaona banja lake likuphedwa ndi apongozi ake aamuna, ndipo amagwetsa nyumba yonse ya adaniwo ali m'kati mwake. Yuki, mwana wa mfumu mu The Hidden Fortress, amaombola mtsikana wa kwawo amene anagulitsidwa, ngakhale kutero kukuika ulendo wonse pangozi.

Amene akufuna mkazi wogwira lupanga yekha aonere Lady Snowblood ya 1973. Meiko Kaji akusewera Yuki wina, wobadwira m'ndende, amene analeredwa ndi cholinga chimodzi chobwezera anthu amene anawononga banja la mayi ake. Lupanga lake labisika mu ambulera. Quentin Tarantino anatengamo zambiri popanga Kill Bill ya 2003. Mbiri yeniyeni ilinso ndi akazi otere: Nakano Takeko anafa pa nkhondo ya Aizu mu 1868 akutsogolera akazi anzake omenya nkhondo.

Chikhulupiriro 9: Ndi akale, opanda mitundu, ochedwa, ndipo onse ndi a Kurosawa

Zoona zake: Kurosawa ndi Mifune anapangira limodzi mafilimu 16, ndipo ndi Rashomon ya 1950, itapambana ku Venice mu 1951, imene inatsegulira mafilimu a ku Japan khomo la kunja. Koma sanali okha. Kuwonjezera pa Kobayashi, Okamoto ndi Misumi, pali Hideo Gosha, amene Three Outlaw Samurai yake ya 1964 ikuonetsa maronin akuima kumbali ya alimi amene agwira mwana wa bwanamkubwa pofuna kuti madandaulo awo amveke. Pali Hiroshi Inagaki, amene pakati pa 1954 ndi 1956 anapanga mafilimu 3 okamba za Miyamoto Musashi, katswiri wa lupanga amene anakhalakodi.

Mitundu ilimo. Gate of Hell ya 1953 inapambana ku Cannes mu 1954, ndipo anthu anaitama kwambiri chifukwa cha kuwala kwa mitundu yake. Mu Ran, gulu lankhondo la mwana aliyense wa mfumu lili ndi mtundu wake, lachikasu, lofiira ndi labuluu, moti nkhondo ikasakanikirana woonera amadziwabe amene akupha mnzake. Linga limene likuyaka m'filimuyo analimangadi m'mbali mwa phiri la Fuji n'kulitentha, ndipo Emi Wada analandira Oscar chifukwa cha zovala zake. Ofuna liwiro ndi magazi ali ndi Lone Wolf and Cub, mafilimu 6 a pakati pa 1972 ndi 1974, momwe Tomisaburo Wakayama, mkulu wake wa Katsu, akuyenda dziko lonse akukankha mwana wake m'kangolo kodzaza zida. Amenewa si oonera ndi ana. Ndipo mwambowu sunafe: 13 Assassins ya Takashi Miike ya 2010, yobwereza filimu ya Eiichi Kudo ya 1963, imatha ndi nkhondo ya mphindi zoposa 40 m'mudzi umene wasandutsidwa msampha.

Kunena za kuchedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafilimuwa amatenga nthawi kuti mumudziwe munthu, kumene amagona, chimene amadya ndi chimene amaopa, kuti lupanga likasololedwa mukhale ndi womudera nkhawa. M'mafilimu akuda ndi oyera aja, mvula, fumbi ndi mphepo zimaoneka mwamphamvu kuposa m'mafilimu ambiri amakono.

Poyambira

Ngati simunaonerepo ngakhale imodzi, yambani ndi Yojimbo. Ndi yosakwana maola awiri, ndi yosangalatsa, ndipo Mifune, amene analandira nayo mphoto ku Venice mu 1961, amakugwirani kuyambira pamene akuponya kamtengo m'mwamba kuti kamusankhire njira. Tsatirani ndi Sanjuro. Mukazolowera kayendedwe kake, patulani madzulo athunthu a Seven Samurai, ndipo pakati pake pali nthawi yopuma imene Kurosawa anaikamo yekha. Kenako Harakiri, tsiku limene mtima uli m'malo. Zatoichi ndi The Twilight Samurai ndi zabwino kuonera ndi anzanu, Ran isungireni sikirini yaikulu imene mungaipeze.

Funani makope amene ali m'Chijapani, a mawu omasulira olembedwa m'munsi, chifukwa theka la luso la Mifune ndi Nakadai lili m'mawu awo. Ikani foni pambali, poti m'mafilimuwa chinthu chachikulu chimatha kuchitika m'kuphethira kumodzi. Ndipo kwa achinyamata amene mukujambula mafilimu anu ndi makamera ochepa ndi ndalama zochepa, onerani Harakiri kawiri. Gawo lalikulu la filimuyo ndi munthu mmodzi atakhala pansi pabwalo akulankhula, koma palibe woonera amene amachoka asanamve mawu ake omaliza.